Thomson Makina, Amene Anafuna Kuvina ndi Mkazi Wanga

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ndine Eneya, mmisiri wa matabwa wa ku Nkhulambe. Andipempha kuti ndilembe za malemu Thomson Makina, ati chifukwa ndinali mnzake. Sindinali mnzake. Tinangoyandikana nyumba.

Munthuyu ankadziwika ndi chinthu chimodzi: nyimbo sankaisiya momwe waipezera. Iliyonse ankaithamangitsa, kaya ya ukwati, kaya ya pamtondo, kaya ya Pasaka. Pa maliro ena anayambitsa nyimbo ndi iye, ndipo onyamula bokosi anafika kumanda adzukulu asanamalize kukumba.

Anabwera kuchokera ku Halale mu 1953, atanyamula galamafoni ndi banjo, kuphazi nsapato za mitundu iwiri. Ine ndinali nditapangira zitseko theka la Nkhulambe, koma palibe mwana amene anandithamangirapo panjira. Iye ankati akangokhosomola, ana piringupiringu pambuyo pake. Nyimbo zakezo ankati ndi jazi. Ndinamufunsa pagulu kuti jazi n'chiyani.

"Achimwene," anatero, "jazi ndi nyimbo yoti phazi limayamba kumva khutu lisanamve."

"Ndiye kuti ndi matekenya," ndinatero ine.

Palibe anaseka. Akananena ndi iyeyo, bwenzi anthu atagubuduzika m'fumbi.

Ku sukulu ya mishoni kunali sewero loimba la ku Ulaya, limene Dona wina ankaphunzitsa ana chaka ndi chaka pa limba lopopa ndi mapazi. Nkhani yake inali ya wophika buledi amene anakonda mwana wamkazi wa dokotala, ndiye ankanamizira kudwala tsiku ndi tsiku kuti azikamuona, n'kumamwetsedwa mankhwala owawa. Ati kwawoko anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Kuno ankawodzera. Nyimbo zake zinkayenda ngati ng'ombe yapangolo pachitunda.

Makina anapita kwa Dona, chipewa kumanja.

"Dona, mundibwereke sewero lanulo. Pa Khirisimasi ndidzabweza lili ndi miyendo."

Dona analola, koma anati mawu a nyimbo asasinthe ngakhale limodzi.

Bandi anaisonkhanitsa sabata yomweyo. A Wahabu a kusitolo, amene anamenya nkhondo ku Burma, anatulutsa lipenga lawo lophwanyika kukamwa. Ng'oma anabwereka za tchopa. Atsikana anagwira maseche. Ine anandiuza kuti ndipange babatoni, bokosi la tiyi lokhala ndi mtengo ndi chingwe chimodzi, ndiponso ndikhome nsanja yochitirapo sewero. Ndinapanga. Nditamaliza anati, "Poti mwapanga ndinu, muziimbanso ndinu." Anandikhazika kumbuyo kwenikweni, koyandikana ndi khola la mbuzi za aphunzitsi.

Makina anadzisankha yekha kukhala wophika buledi. Woti akhale mwana wa dokotala anasankha mkazi wanga, Eveles.

Chifukwa chake chinalipo. Eveles akaimba kuchitsime, otola nkhuni kuphiri la Michesi ankaima. Koma zimene ndinaona pokonzekera ndi izi. Makina agone pabenchi akubuula. Eveles amugwire pamkono kumva mtima, amuike dzanja pamphumi. Kenako lipenga lilire, wodwala uja adzambatuke, amugwire Eveles m'chiuno, amuzunguze, amuponye uko, amukokenso. Ine chimukwatirireni ndinali ndisanamugwirepo dzanja anthu akuona. Ndipo Eveles ankaseka, kuseka kwina kumene kunyumba sindinakumvepo.

Pobwerera ndinamufunsa.

"Make Lekani, kugwirana kuja n'kofunika?"

"Ndi sewero, bambo a Lekani."

"Nanga kuseka kuja kulinso m'sewero?"

"Ayi, kuja n'kwanga."

Ndinapita kwa a Kaliati, malume ake a Eveles, eni mbumba. Ndinawapeza akudya kalongonda ndipo sanandipatseko.

"Mkamwini," anatero, "inu munabwera pamudzi pano ndi bulangete ndi sowo. Mawu a mwana wathuyo munawapeza. Kapaleni matabwa."

Amene sanakhalepo pachikamwini sangamve. Kuno ukwati sutha ndi mlandu wautali. Umangobwera kuchokera kuntchito n'kupeza bulangete lako lili panja. Ndipo kuchitsime amayi anali atayamba kale kunena kuti awiriwa akukhalana bwino pansanja. Sabata imeneyo ndinapala chitseko cha a Wahabu mpaka dzuwa linkaonekera.

Tsiku lina Makina anafika pamene ndinkagwirira ntchito. Kwa nthawi yoyamba sankaimba mluzu.

"Achimwene, ndagwa m'mbuna. Lily uja wamasecheyo, ndikufuna kumukwatira."

Lily anali mwana wa a Belita, ndipo a Belita ndi akulu ake a Eveles, bere limodzi. Eveles anali chitsirizira, choncho iye ndi Lily sanasiyane zaka zambiri.

"Abale anga onse ali kutsidya kwa Apwitikizi," anapitiriza. "Ndilibe nkhoswe. Mundiimire ndinu."

Ndinaika hamala pansi. Mng'ono wa mayi ndi mayi. Mayi a mkazi wako ndi apongozi. Apongozi suwagwira, suwayang'ana kumaso, ukakumana nawo umapatuka panjira. Mwana aliyense wa ku Nkhulambe amadziwa zimenezi. Makina anakhalitsa m'tauni.

Anthu amati ndimachedwa ndi ntchito, ndipo n'zoona, mpando umanditengera mwezi. Koma nkhani ya chinkhoswe ija ndinayenda nayo ngati nyimbo zake zomwe. Nkhuku ndinapereka yanga. Khirisimasi isanafike, Makina anali mkamwini wa a Belita.

Chinkhoswe chitachitika, m'mawa mwake tinakumana kukonzekera, ndipo a Kaliati anabwera kudzaonerera. Lipenga linalira, Makina anadzambatuka pabenchi, natambasula dzanja.

"Mkamwini!" anakuwa a Kaliati. "Dzanja limenelo likupita kuti? Amenewo ndi apongozi anu."

Dzanja linauma m'malere. Eveles anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kutembenuka. Makina anayang'ana kumbuyo kumene ndinali. Ine ndinkakunga chingwe cha babatoni.

"Achimwene, inu mumadziwa?"

"Aliyense amadziwa."

Anayesa kuika Lily m'malomo. Lily anali mwana wabwino, koma mawu ake ankalira ngati chitseko chosowa mafuta. Ndinaona kuti sewero lafa, ndipo usiku umenewo ndinadya bwino. Makina anasowa tsiku lathunthu. Anatulukira kuchokera kuphiri atasenza nsungwi yaitali ngati phaso.

Pa Khirisimasi masana bwalo la sukulu linadzaza. Ena anachokera ku Jenala panjinga, ena anakwera m'mitengo ya mango. Dona anakhala kutsogolo ndi ambulera.

Bandi inayamba. Wophika buledi analowa akubuula, atagwira pamimba. Mwana wa dokotala atangotulukira, wodwala uja analumpha pabenchi, n'kukagwada kumapeto kwa nsanja atayang'ana kumbali. Eveles anaima kumapeto enawo, maso ali ku Michesi. Anatenga nsungwi, naitambasula pang'onopang'ono, akufufuza nayo mkono wa wodwala. Inayamba yamugunda khutu.

Bwalo linaphulika. Aliyense pamenepo anali ndi apongozi ake.

Mawu sanasinthe, monga analamula Dona. Choncho mkamwini anaimbira apongozi ake kuti, "Popanda inu ndifa, ndigwireni ndichire," akuyang'ana mbuzi ya aphunzitsi. Mbuziyo inamuyankha. Itakwana nthawi yovina, wina anagwira nsungwi uku wina uku, atafulatirana, n'kumazungulira nayo liwiro la jazi. Nsungwi inachotsa kofiya ya a Wahabu kumutu, iwo osasiya kuliza lipenga. Amayi okalamba ankagona chagada ndi phwete. Munthu wina anagwa mumtengo wa mango, n'kukweranso.

Dona anafunsa a Kaliati chimene anthu ankasekera chomwecho.

"N'zoseketsa za kwanu zomwe zija, Dona," anatero a Kaliati. "Lero tazimva."

Pomaliza anthu anakwera pansanja, khamu lonse, n'kumunyamula Makina pamapewa. Nsanja sinagwedezeke n'komwe. Palibe anafunsa kuti anakhoma ndani.

Bulangete langa silinatulutsidwe panja. Makina anamanga nyumba yake kuseri kwa mpanda wathu, poti tinali akamwini a mbumba imodzi. Zaka zonsezo akakumana ndi Eveles ankalowa m'chinangwa, nsapato zake zomwezo, mpaka adutse. Sanadyepo Eveles akuona. Akafuna mchere ankauza Lily, Lily n'kuuza Lekani, Lekani n'kuuza amake. Ine zinkandikomera.

Koma mwambo unaletsa maso ndi manja. Za makutu sunanene kanthu. M'mawa uliwonse Makina ankayambitsa nyimbo pakhonde pake, kuseri kwa mpanda, ndipo Eveles ankayankha ali pamtondo. Iye mzere, Eveles mzere, musi n'kumathamanga. Mphale yathu inkakonoleka msanga kuposa ya aliyense m'mudzi. Ndinakadandaulanso kwa a Kaliati. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati pamenepo palibe lamulo.

Ndinayesapo kuyankha ndekha tsiku lina, Eveles atapita kumunda. Makina anasiya kuimba n'kufunsa kuseri kwa mpanda ngati ndavulala.

Makina anadwala chaka chatha m'nyengo yozizira, matenda a chifuwa, enieni ulendo uno. Anthu ankalowa kukamuona. Ine ndinalowa. Eveles sakanalowa. Anayala mphasa panja, natsamira khoma la chipinda chimene Makina anagona, n'kuyamba kuimba nyimbo za sewero lija, motsitsa. Mawu ake anali atakalamba ndipo ankaimba pang'onopang'ono. Ine ndinali m'kati. Ndinaona Makina akusuntha dzanja mpaka linafika pakhoma. Anayamba kugogoda ndi chala.

"Akuti chiyani?" anandifunsa Lily.

"Akuti afulumire."

Ndinatuluka n'kukamuuza Eveles. Anafulumira.

Makina anamwalira sabata yomweyo. Bokosi ndinakhoma ndine, la mkungudza, ndipo linali labwino.

Masiku ano m'mawa kwathu kuno kumamveka nkhuku ndi misi basi. Ana amadutsa panjira osathamangira munthu. Kutchalitchi nyimbo zimatha nthawi yake, anthu n'kumabalalika mwakachetechete ngati akuchokera kukhoti. Sindinena kuti ndimamusowa. Ndikungonena mmene kulili.

Eveles ndili naye, ali pakhonde pano akusenda nandolo. Saimbanso. Mwezi watha ndinamuuza kuti ngati akufuna atha kumaimba, ine sindiletsa. Anati palibe woyambitsa.