Piyano Yomwe Ndinaikonza Isanawonongeke

Mpaka lero amalume akandiona ndagwira katoni amati, "Ika pansi, injiniya." Dzinali silinabwere mwaulemu ayi.

Ndinali nditangotha milungu iwiri pa ntchito mu holo ina ya makonsati ku Loughborough. Ntchito yake kusesa, kuyala mipando, kukankha katundu. Anandipezera ndi amalume a Gondwe, omwe amayang'anira holoyo, ndipo anandichenjezeratu: "Mtima wako wapachala uja uziusiya kunyumba ku Beaumont Leys. Ukadali poyesedwa. Ukalakwa kamodzi, abwana akuchotsa."

Tsiku lina masana anandituma kukapukuta piyano ya pa siteji, chimphona chakuda cha miyendo itatu, chotalika ngati kagalimoto. Pansi pake pali zopondera zitatu. Ndikupukuta, ndinaponda cha kumanzere mwangozi. Makiyi onse, oyera ndi akuda, anasendera kumanja limodzi. Nditachotsa phazi anabwerera. Ndinapondanso (musandifunse chifukwa chake). Anasunthanso.

Ndinadziwa kuti ndathyola chinthu, ntchito yatha. Koma ngakhale sukulu ndinalekezera fomu 2, ndinakulira pa galaja ku Ndirande, ndipo kumeneko chinthu chikamagwedera timachipanikiza basi. Ndinang'amba katoni ya tiyi, n'kuipinda kanayi, n'kuikanikizira pa kampata ka kumapeto kwa makiyi. Ndinaponda. Osasuntha. Ndinapita kukasesa ndikuimba mluzu.

Kenako kunabwera mayi wina wachikulire wachizungu, wotchuna mapiyano, kudzaikonzekeretsa konsati. Anaponda chopondera chija, anakwinya nkhope, anasuzumira, n'kusolola katoni yanga ndi kapani.

"Ndani waika ichi?" anafunsa.

Ndikanatha kukhala chete. Koma mmene anainyamulira, ngati khoswe wakufa, mtima unakwera.

"Ndine. Chinthu chodula chonchi chizigwedera ngati windo la minibasi? Mukanayamba mwathokoza."

Amalume, omwe anali chapafupi, anandiyandikira n'kunong'ona m'Chichewa, "Tseka pakamwa iwe, ntchito ikupita uku ukuona."

Mayi uja anaseka mpaka kuvula magalasi. Anandiitana kuti ndione m'kati. Kiyi iliyonse ili ndi kanyundo kake kokutidwa ndi ubweya, ndipo tinyundo tambiri timamenya mawaya atatuatatu nthawi imodzi. Ukaponda kumanzere, makiyi ndi tinyundo zimasendera pambali pang'ono, kanyundo n'kumenya mawaya awiri okha, mawu n'kufewa. Anaimba kiyi imodzi ataponda, kenako asanaponde. Kusiyanako ndinakumva (ndinayesetsa kuti nkhope isavomere).

"Opanga asintha zambiri," anatero. "Kale m'kati munali matabwa okhaokha. Anaikamo chimango chachitsulo kuti mawaya akokedwe kwambiri, anatalikitsa thupi kuti mawu afike ku mpando womaliza. Koma kusuntha uku anakusunga dala, mibadwo yonseyi. Iwe wakuthetsa ndi katoni ya tiyi."

"Nanga bwanji sanalembepo?" ndinatero. Amalume anandiponda phazi.

Mayiyo sanakandinene kwa abwana. Anangondipatsa lamulo loti piyano ndizipukuta kunja kokha, mapazi ali kutali. Ntchito ndidakali nayo, ndipo akabwera kudzatchuna ndimasiya tsache n'kuima pambali pake. Katoni ija sindinataye. Ili pansi pa mwendo wa tebulo lathu lomwera tiyi, ndipo ndisanaiike ndinafunsa kaye amalume ngati tebulolo linapangidwa kuti lizigwedera.