Tiyi m'mankhwala a azakhali

Mpaka lero ndikapita ku Thekerani, azakhali anga amandipatsa madzi otentha opanda masamba a tiyi. Sindidandaula ayi, ndinaziputa ndekha.

Azakhaliwo amadziwika ndi kachitsamba kena kamene amathyola kuphiri. Amaumitsa masamba ake n'kusinja, ndipo munthu wosowa tulo akamwa amagona mpaka kuchedwa kumunda. Chaka china kunabwera mayi wa ku yunivesite, wofufuza zimene zimapezeka m'zitsamba ndi m'mafuta ake. Anapempha ufa wa masambawo kuti akauyeze pa makina, adziwe chimene chimagonetsa anthucho. Azakhali anasangalala kwabasi, ati dzina lawo lilembedwa m'buku. Poti ine ndimagwira ntchito kufakitale ya tiyi ku Thyolo, pafupi ndi msewu waukulu, zokapereka zinagwera ine.

"Ukaumitse pamthunzi, pamphasa yoyera," anatero pondipatsa thumba la masamba aawisi. "Usapupulume, wamva iwe?"

Ndinati ndamva (makutu okha ndiwo anamva).

Sabata imeneyo chiperoni chinatsika. Masiku anayi dzuwa osaoneka, masamba ayamba kununkha nkhungu, mayi uja akubwera Lachisanu. Apa nzeru zanga za Fomu 4 zinadzuka. Ndivutikirenji ndi mphasa pamene kuntchito kuli mathebulo ofotetsera tiyi, okhala ndi mafani omwe? Masambawo ndinakawayala pakona, pambali penipeni pa tiyi wa kampani. Atauma ndinawawola ndi tsache la pomwepo. Nditasinja, ufawo ndinathira m'jumbo yomwe ndimatengeramo tiyi wanga wa kunyumba (ndinaikutumula kawiri, musandiyese wauve).

"Mwaumitsa bwanji?" anafunsa mayiyo polandira.

"Mwamakolo, madamu, monga ananenera azakhali."

Patatha mwezi tinakumana ku Thekerani. Azakhali anavala chitenje chatsopano, anaitananso anzawo a kumvano kuti adzamve nawo. Mayi uja anatulutsa pepala la mizere yokwera ndi yotsika ngati mapiri. Anati timapiri tating'onoto ndi mafuta a chitsambacho, ndipo ena mwa iwo akuoneka kuti amakhazikadi thupi pansi. Kenako analoza chiphiri chachitali pakati.

"Koma ichi ndi kafeini, chinthu chothamangitsa tulo chomwe chimapezeka mu tiyi. Amayi, pepani, kodi mumasakanizamo tiyi?"

"Ine? Tiyi m'mankhwala a tulo? Ndapenga kapena?"

Azakhali anatembenuka n'kundiyang'ana. Apa ndi pamene ndimadziimba mlandu kwambiri, chifukwa mawu awiri okha akanawapulumutsa. Koma ine, mwamuna wa ndevu zanga, ndinayang'ana nsapato n'kunena kuti, "Mwina ndi dothi la kuno, madamu."

Pofika Lamlungu nkhani inali itafika m'midzi yonse, kuti makina a ku yunivesite awagwira azakhali, amapatsa anthu tiyi. Anthu amene anagona bwino zaka khumi ndi mankhwala omwewo anayamba kukumbukira kuti ankadzukadzuka. Pakhomo pa azakhali panamera udzu.

Ndinaulula patatha milungu iwiri. Mayi wa ku yunivesite nditamuimbira foni anaseka, kenako anasiya kuseka. Anati nthawi ya kafukufuku yatha, makina ali ndi zitsamba za ena, mwina chaka chamawa. Chaka chamawacho sichinafikebe. Ndinayenda khomo ndi khomo kufotokoza za tsache lija, koma anthu amangoti mwana wabwino, akubisa manyazi a azakhali ake.

Azakhali sanandikalipire. Anangosiya kunditcha "iwe". Ndikafika amatereka madzi, kuthira m'kapu, n'kundipatsira manja awiri.

"Imwani, abwana a kufakitale. Masamba muli nawo kale m'malayamo."

Ndimamwa onse osatsala. Dzina lawo silinalowe m'buku, ndipo ine masiku ano tulo timandivuta zedi. Mankhwala ake ndikuwadziwa kumene ali, koma nkhope yokapemphera ndilibe.