Chimbudzi Chopanda Chitseko cha ku Chawama

Mpaka lero ndikamadutsa kuseri kwa tchalitchi chathu ku Chawama ndimafulumiza mwendo, maso kumwamba. Pali kamulu ka mabuloko osweka pamene ana amakonda kusewera, ndipo mumpingo monse palibe amene sadziwa mwini wake wa kamuluko. Ndine. Kumanga ndinamanga ndine, kugwetsa ndinagwetsanso ndine, tsiku lake la ubatizo wa mwana wanga Limbikani.

Zinali zaka zija makampani ankatsekedwa motsatizana, ufa tikuchita kuuimira pamzere, simenti itakwera mtengo mochita kuopsa. Ineyo ntchito inali itangondithera pa kampani ina yomanga nyumba (ndinali mesenjala chabe, koma mapulani onse ankadutsa m'manja mwanga popita kwa mabwana, ndiye ndinkadziyesa katswiri ndithu). Mvula ya chaka chimenecho inagwetsa zimbudzi zonse ziwiri za patchalitchi, cha abambo ndi cha amayi. Kwathu kuno kukumba dzenje n'kulimbana ndi thanthwe, choncho komiti itakhala pansi, wapampando wathu ba Tembo anangogwira kumutu.

"Abale, ndalama kulibe. Tingakwanise chimbuzi chimozi chabe. Manje azibambo na azimai tizachita bwanji?"

Ndinaimirira n'kukonza kolala. "Chimozi chikwana, ba cheyamani. Nkhani ni pulani."

Pulani yanga inali yotere. Chitseko ayi, poti chakale chija akuba anachizula usiku umodzi pamodzi ndi loko yemwe. M'malo mwake khoma lizungulire ngati chigoba cha nkhono: munthu alowe, akhote, akhotenso, ndiye apeze dzenje. Wa panja saona kanthu, wa m'kati saoneka. Kanjira kake ndinakapanikiza kuti mabuloko asalowe ambiri, moti anthu awiri sakanatha kupatukirana. Pakhomo ndinaikapo nsungwi: ukalowa uipingase, mnzako akaiona akadikire patali, pansi pa mtengo wa mango. Komiti inaomba m'manja. Tinamanga ndi anyamata a kwaya, simenti tikungoinunkhiza kumchenga.

Amene sanaombe m'manja ndi mkazi wanga. Anakaona, nabwera akupukusa mutu. "Imwe, nanga munthu akakumana na apongozi bake pa kona paja, azathabila kuti?"

"Nsungwi ilipo," ndinamuyankha monyada.

Funso lakelo linali ndi chifukwa. Amayi ake anali m'njira kuchokera ku Katete kudzaona ubatizo, ndipo kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, salankhulana, akakumana panjira wina amalowa patchire. Chikwatirire ine ndinali ndisanalankhule nawo ngakhale liwu limodzi, zonse zinkadzera mwa mwana wawo. Ndinkadziwanso kuti ukwati wathu sanaukondwere kwenikweni, nanga ntchito n'kundithera chonchi. Kunena zoona, chimbudzi chija ndinkachidalira kuti chindiombole, apongozi aone kuti mwana wawo sanagwe pa munthu wachabe.

Tsiku linafika. M'mawa mwake mayi wina woyandikana nafe anatipatsa munkoyo, chakumwa chonga thobwa, ine n'kumwa makapu angapo osafunsa kuti wagona masiku angati. Ulaliki uli pakati, m'mimba munayamba kuguba. Ndinapirira, ndinapemphera, ndinasintha kakhalidwe, koma ayi ndithu. Ndinatuluka mwaliwiro, ndinalowa m'nkhono yanga, ndinakhota, ndinakhotanso. Nsungwi ndinaidutsa ili chitsamire pakhoma (inde, ine mwini lamulo).

Nditangoti mtima pansi, ndinamva mapazi akukwekwereza pakhomo. Ndinatsokomola. Mapazi anaima pa kona yoyamba.

"Odi kuno! Kodi muli anthu m'katimu?"

Mawu amenewo ndinali nditawamva kwa mlungu wathunthu kuseri kwa katani ya kunyumba kwanga. Anali apongozi.

Munthu wanzeru akanatsokomolanso mwamphamvu, iwo akanabwerera. Koma ine ndinaganiza kuti chifuwa changa achizindikira, ndipo liwu langa loyamba kwa apongozi silingakhale lochokera pa dzenje. Ndiye ndinafinya kholingo n'kuyankha ndi mawu opyapyala achizimayi: "Balimo, amama!"

"Oo, ndinu amayi anzanga," anatero, mtima utakhala m'malo. "Musathamange ayi, khalani bwino. Ine n'delesi ili landibweretsa, landithina zedi, mpweya umachita kusowa. Ndamasula zipi kuti ndipumeko. Mukamatuluka mundikokere kumsanaku."

Taonani tsono. Njira ndi imodzi, yopapatiza, ndipo pakati pake paima apongozi msana uli pamtunda. Anakonza choncho ndani? Katswiri.

Anayamba kucheza. "Akuti chimbudzi ichi anamanga ndi akamwini anga. Mukuwadziwa?"

"Tibaziba, amama," ndinalira ngati kamwana ka mbuzi.

"Ine poyamba ndinkati mwana wanga watola lova wa m'tauni. Koma ndawaona masiku ano. Mwana akalira usiku amadzuka ndi iwo, nyama akapeza pang'ono amayamba kupatulira ine. Ndiye onani nzeru izi, munthu kubisika chonchi popanda chitseko! Ndikakafika ku Katete ndikawauza onse kuti tinapeza munthu."

Misozi inalengeza, osanama ayi. Zaka zonsezi ndinkalakalaka mawu amenewa, ndipo ndinawalandira nditanyonyomala. "Ni bamuna babwino maningi," ndinawonjezera (pepani, mwayi wodzichitira umboni subwera kawiri).

Nthawi yomweyo nyimbo inatha m'tchalitchi, ndipo ndinamva ba Tembo akufuula panja, kundiitana ndi dzina la mwana wanga: "Bashi Limbikani bali kuti kansi? Abusa bayembekeza, mwana ali pa manja!" Mawu ena anatsatira, amayi a chigwirizano, anyamata a kwaya, onse akundifunafuna kuzungulira tchalitchi.

Denga kunalibe, poti malata tinali tisanawapeze. Ndinamanga lamba, ndinayang'ana khoma la kumbuyo, ndinati ndidumphe mwakachetechete, ndikatulukire uko ngati ndimachokera kumsewu. Ndinaponda, ndinadzikoka, ndinakhala pamwamba mwendo uku mwendo uku. Ndipo khoma, lija tinalimana simenti, linayamba kupendekeka pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, kenaka phuu! Linagwera kunja ine ndili pamsana pake, n'kukokanso khoma linzake la pakona.

"Mayo ine!" ndinakuwa, tsopano ndi mawu anga enieni a besi.

Fumbi litatsika, mpingo wonse unali patsogolo panga. Kumbuyo kwanga kunali apongozi, ali chilili, osakhudzidwa ndi buloko ngakhale limodzi, atagwira delesi pachifuwa. Anayang'ana pa dzenje kufuna mnzawo uja. Panalibe munthu. Anayang'ana ine, kanthawi kochepa chabe, koyamba m'moyo wawo. Kenaka anafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kachigawo ka khoma kamene kanatsala. Mkazi wanga anathamanga kukawakokera zipi, mapewa ake akugwedezeka, ndipo sindikhulupirira kuti ankalira.

Mwana anabatizidwa, atate wake ali mbuu ngati atuluka m'chigayo. Abusa anafunsa mafunso awo akuyang'ana padenga.

Masiku otsatirawo ndinkachoka m'mamawa n'kubwera kutada, ngakhale ndinalibe kopita. Ndinkadziwa kuti zonse zija ananena zagwa pamodzi ndi khoma, ndipo zinkandiwawa kuposa bondo limene ndinasupula. Tsiku lobwerera kwawo ndinawanyamulira katundu mpaka pokwerera minibasi, ndikuyenda patali kumbuyo. Atatsala pang'ono kukwera anaima, msana uli kwa ine, nalankhula kwa mwana wawo mokweza kuti ndimve.

"Uwauze atate ake a Limbikani kuti zimene ndinauza mayi uja m'chimbudzi sindibweza ayi. Koma agule chitseko."

Chitsekocho inagula ndi komiti, ndipo ku misonkhano ya zomangamanga sanandiitanenso. Ine sindidandaula. Kungoti pali pulani ina ya bafa imene ndajambula posachedwapa, yabwino zedi, koma mkazi wanga wati ndikangoitchula patchalitchi akwera basi ya ku Katete.