Tsiku Limene Ndinalowa ndi Nkhafi M'chipatala

Ndakhala masiku angapo ndikutsegula kope ili n'kulitsekanso. Koma popeza nkhaniyi yafika kale kumsika, ndipo ena akuithira nsinjiro mpaka kunena kuti ndinathyola munthu mkono, kuli bwino ndiifotokoze ndekha mmene inayendera. Palibe amene anathyoka. Manyazi okha ndi amene ndinabwera nawo, ndipo ndi ambiri ndithu.

Ine ndili Fomu 3, ndipo m'nyumba mwathu ku Lungwena ndine woyamba kufika kusekondale. Zimenezi zili ndi udindo wake. Kalata ikabwera, amaitana ine. Uthenga wa Chingerezi ukalowa pafoni ya ababa, amaitana ine. (Ndivomere kuti udindowu ndimaukonda, makamaka nthawi ija anthu onse akhala chete kudikira kuti ndiyankhule.)

Amayi anga amagulitsa usipa wouma. Amasenza dengu n'kuyenda midzi ya kumtunda, kumene nsomba sizifika msanga. Chaka chatha chidendene cha phazi lawo lamanja chinayamba kupweteka. M'mawa akangoponda pansi, ankati zili ngati aponda msomali. Anathowa ndi madzi otentha, anapaka mafuta osiyanasiyana, mapilisi anamwa mpaka kutopa nawo. Pofika chaka chino, ulendo umene ankaumaliza dzuwa lisanafike pamutu unkawatengera tsiku lonse, ndipo makasitomala awo anayamba kugula kwa anthu a njinga. Tsiku lina ndinawamva akuuza ababa kuti phazi likapitiriza chonchi, dengu alipachika. Sankaseka.

Ndiye Lolemba lina anabwera kuchokera kuchipatala china cha ku Boma, n'kundipatsa buku lawo la kuchipatala.

"Akuti kwabwera makina," anatero. "Akhalako milungu yochepa, kenako apita kwina. Akuti ndipite Lachinayi. Zina adokotala ananena, koma anthu anali ambiri, mwana wina akulira m'khutu mwangamu. Tawerenga iwe."

Ndinapukuta manja n'kutsegula bukulo. Zolemba za adokotala mukuzidziwa, zimakhala ngati ukonde wopiringizana. Koma mawu amodzi aatali ndinawaona bwinobwino. Ndinali ndisanawamvepo, komabe sindinade nkhawa, chifukwa aphunzitsi athu a Chingerezi amati mawu aatali ukawadula pakati amaulula okha tanthauzo. Ndinawadula. Chidutswa choyamba chinali shoko. Chachiwiri chinali wevu, ndipo aliyense amene anapondako mu Fomu 1 akudziwa kuti wevu ndi funde.

Shoko ndi funde. Magetsi ndi madzi.

"Amayi," ndinatero ndi mawu odekha ngati a namwino (ndimafuna kudzakhala namwino), "musaope. Akakuikani phazi m'madzi, kenako akatsegulira magetsi."

"Magetsi ake ati?"

"Omwewa a m'mawaya."

"Aja anaponyera panja bambo wokonza chigayo uja?"

"Omwewo, koma oyezedwa."

Amayi analanda buku lawo n'kulikulunga m'chitenje. "Kuli bwino ndizitsimphina ndili moyo," anatero.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati, mwina sindinamvetse, tiyeni tikafunse. Ine ayi. Ndinkafunitsitsa kuti amayi achire, ndipo ndinaona kuti chimene chatsala n'kuwateteza basi. Ndinatulutsa kope la Fizikisi, pamutu wa magetsi, pamene ndinakhoza bwino kwambiri mayeso a teremu yatha.

Ababa atabwera kunyanja ndinawakhazika onse awiri pakhonde. Ndinafotokoza kuti labala salola magetsi kudutsa, choncho amayi avale jombo za ababa.

"Ndiye jombo zanga zikaone ku Boma, mwini wake nditsale?" anatero ababa.

Ndinapitiriza. Chitsulo chimaitana magetsi, choncho ndolo zitsale, mapini a duku atsale, ndi kiyi amene amayi amamangirira kunsonga ya chitenje atsalenso. Madzi a m'thupi nawonso amanyamula magetsi, choncho Lachinayi asamwe kanthu.

"Ngakhale tiyi?"

"Tiyi ndi madzi omwe, amayi."

Chomaliza chinali chachikulu. Aphunzitsi anatiuza kuti munthu akagwidwa ndi magetsi sumukoka ndi manja, umamulekanitsa ndi waya pogwiritsa ntchito mtengo wouma. Ndinafufuza pakhomo ponse. Mpini wa khasu unali ndi chitsulo, tsache linali lofewa. Koma padenga la khitchini panali nkhafi yakale ya ababa, imene inasiya kupalasa bwato ine ndili kupulaimale. Inali youma gwa.

Amayi anayang'ana nkhafiyo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana phazi lawo.

"Ukhala pambali panga?"

"Sindisuntha."

"Chabwino, tipita."

Ndinamva ngati ndapulumutsa banja lonse.

Lachinayi linafika ndi dzuwa lija la Okutobala limene limaotcha ngakhale mumthunzi. Amayi anavala chitenje chawo chatsopano, duku lopanda pini limene linkangosomphoka, ndi jombo zakuda zofika m'mawondo, zazikulu moti poyenda zinkalira pwapwa. Ine pambuyo, mu yunifolomu ya sukulu (ndinavala dala, kuti akuchipatala adziwe kuti wodwalayu ali ndi munthu wophunzira), nkhafi paphewa.

Kondakitala wa matola anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Asisi, nyanja mwaisiya kumbuyotu."

Ndinangomumvera chisoni kuti sadziwa sayansi.

Kuchipatala anatilozera benchi ya panja pa kachipinda kena. Pabenchipo panali amayi awiri ndi bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera ndi chipewa cha kumzikiti, atagwirira phewa lake. Titapatsana moni, bamboyo analoza nkhafi.

"Mwanangu, imeneyo ndi ya chiyani kuno?"

Anafunsa mwaulemu, ndipo ine ndinayankha mwaulemu, koma mokweza, kuti amayi awiri aja nawonso apindule. Ndinayamba ndi kuwauza kuti ndili Fomu 3, kenako ndinafotokoza za shoko, za funde, za labala ndi za chitsulo. Ndinawachenjeza bamboyo kuti wotchi imene anavala ndi yoopsa. Ndili pakati pofotokoza, m'kachipinda muja munayamba phokoso, tha-tha-tha-tha, ngati makina osokera othamanga kwambiri.

"Mwamva?" ndinatero. "Ndi magetsiwo."

Bamboyo anaimirira pang'onopang'ono, n'kukonza chipewa.

"Phewa langali tazolowerana," anatero. "Inshallah, tsiku lina."

Anapita. Posakhalitsa amayi awiri aja anakumbukira kuti anasiya ana okha kunyumba. Ine ndinangoti anthu ena alibe mtima wolimba ngati amayi anga, ndipo ndinakondwanso kuti mzere wafupika.

Amene anatiitana anali mayi wachitsikana wovala zoyera, amene anthu ankangomutchula kuti a Fizio, chifukwa ntchito yawo ndi yothandiza minofu ndi mafupa. Anayang'ana jombo, kenako nkhafi.

"Mwachokera kuti, amayi?"

"Ku Lungwena."

"Kukugwa mvula kumeneko?"

"Ayi, kuli dzuwa lomweli."

A Fizio anandipempha kuti nkhafi ndiisiye pakhomo. Ndinati ndi ya ababa, ingabedwe. Anangogwedeza mutu n'kufunsa amayi ngati afotokozeredwa kale mmene chithandizochi chimayendera.

"Mwanayu wandifotokozera zonse," anatero amayi. "Ali Fomu 3."

"Zili bwino. Ndiye mumva kugogoda, ndipo pamalo opwetekawo pawawa pang'ono. Kukachuluka munene. Vulani jombo, mugone chafufumimba."

Amayi anandicheukira. Apa m'pamene ndinaona koyamba kuti nzeru zanga zinali ndi bowo: phazi lofuna kuchiritsidwa linali m'kati mwa jombo.

"Vulani imodzi yokha," ndinanong'ona.

Anagona pabedi, phazi limodzi lopanda kanthu, lina mu jombo. Ndinayang'ana beseni la madzi m'chipinda chonse, osalipeza. Panali bokosi chabe la makina pakatebulo ka matayala, ndi chingwe chonenepa chothera pa chinthu chooneka ngati tochi yaikulu. Koma a Fizio atafinyira pachidendene mafuta ena oterera, oonekera mbee ngati madzi olimba, ndinamvetsa. Madzi aja ndi amenewa. Ndinagwira nkhafi ndi manja awiri.

A Fizio anaika chinthu chija pachidendene n'kudina batani. Tha-tha-tha-tha. Mwendo wa amayi unanjenjemera. Ndinapirira. Anasunthira pamalo enieni opwetekawo, ndipo amayi anafinya pilo n'kunena kuti, "Mayo ine."

Ndikufuna owerenga adziwe kuti cholinga changa chinali kungokankha pang'ono. Koma nkhafi inapangidwa kuti izikankha nyanja. Inamenya chinthu chija, chinthucho chinapulumuka m'manja mwa a Fizio, chinauluka n'kugunda botolo la mafuta, mafutawo n'kufwamphukira pachifuwa cha yunifolomu yawo yoyera. Chinatsala chikulendewera pachingwe chake pambali pa bedi, chikuliriratu tha-tha-tha chokha m'malere.

A Fizio anathimitsa makina.

"Mtsikana iwe, ukutani?"

"Ndikupulumutsa amayi."

"Ku chiyani?"

"Ku shoko."

Anatola chinthu chija, kuchitembenuza, kuchipukuta, kuyang'ana chingwe. Nthawi imeneyo ndi yaitali kuposa mayeso onse amene ndinalembapo. Ndinaganiza za makina amene akhalako milungu yochepa, za chidendene cha amayi, za dengu litapachikidwa kukhoma chifukwa cha ine.

Anaika chinthucho pachikhatho chawo n'kudina. Tha-tha-tha. Chinali chamoyo.

"Tsopano," anatero, "ndiuze zonse kuyambira pachiyambi."

Ndinafotokoza mmene ndinadulira mawu aja. Pofika pa funde, milomo yawo inayamba kugwedera. Pofika pa jombo, anakhala pampando. Pofika pa nkhafi ya padenga, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono, chifukwa manja anali ndi mafuta.

"Tamvera," anatero atapuma. "Chigayo chimayenda ndi magetsi, si choncho? Nanga ufa unayamba wakugwira shoko?"

"Ayi."

"N'chimodzimodzi apa. Magetsi amangoyendetsa makina, salowa m'thupi. M'kati mwa ichi muli kachitsulo kamene kamakankhidwa ndi mpweya. Kamagogoda, ndipo kugogodako kumalowa m'mnofu n'kumafalikira. Mafunde ake ndi amenewo. Amakadzutsa malo amene akhala nthawi yaitali osapola, kuti thupi liyambenso kuwakonza. Bweretsa dzanja."

Ndinapereka dzanja ndikutsinzina. Kunali kugogoda chabe, ngati munthu akukugogoda mofulumira ndi chala cholimba.

Amayi, amene nthawi yonseyi anali chigonere nkhope ili mupilo, anayankhula osatembenuka.

"Ndiye tiyi ndamusiyiranji?"

A Fizio anawapatsa madzi akumwa, n'kumaliza ntchito yawo, ine nditaimikidwa kukona, nkhafi ili pansi pa bedi. Zonse sizinathe ngakhale mphindi khumi. Kenako anatsegula chitseko kuti aitane wotsatira, n'kupeza benchi ili mbee.

"Anthu anga apita kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Anandiyang'ana. Kuseka kuja kunatha.

"Bambo aja akhala chaka chonse osakweza dzanja," anatero. "Thamanga ukawabweze."

Ndinathamanga. Bambo aja ndinawapeza pageti, akukambirana ndi wakabaza. Ndinagwada pafumbi pomwepo, mu yunifolomu.

"Agogo, pepani, ndinalakwitsa. Mulibe magetsi. Ndi kugogoda chabe."

"Pajatu unati uli Fomu 3."

"Eya."

"Ndiye ndimvere uti, Fomu 3 wa m'mawa uja kapena wa panoyu?"

Ndinawaonetsa dzanja langa kuti nanenso andigogoda ndipo ndili moyo. Sizinawakhutiritse. Chimene chinawabweza ndi amayi anga, amene anatulukira potero akuyenda okha, jombo zili m'manja, mapazi ali pansi, akumwa madzi m'botolo. Bamboyo anawafunsa m'Chiyao, amayi anayankha m'Chiyao, onse awiri anandiyang'ana n'kupukusa mitu. Anabwerera. Mmodzi wa amayi awiri aja ndinamupeza akugula nthochi, ndipo naye anabwerera. Winayo a Fizio anachita kumuimbira foni, ndipo ndinamva kuti anabwera sabata yotsatira, atavala nsapato za labala.

Amayi sanachire tsiku lomwelo. Chidendene chinawawa masiku awiri, ndipo masiku awiriwo m'nyumba simunali wondiyankhula kupatula ababa, amene ankangofunsa ngati nkhafi yawo yapeza ntchito ku Boma. Koma a Fizio anali atanena kale kuti zimenezi zimachitika, kuti afunika kubwera kangapo, komanso kuti tsiku lililonse aziwongola phazi ndi kugubuduza botolo pansi pake.

Lachinayi lotsatira ndinadzuka m'mamawa n'kusita yunifolomu. Amayi anandipeza pakhomo.

"Ukupita kuti?"

"Kukuperekezani."

"Kusukulu kwatsekedwa?"

"Ayi, koma mwina kukakhala zina zofuna kuwerenga."

"Pakamwa ndili napo. Ndikafunsa ndekha."

Anapita okha ulendo umenewo ndi maulendo onse otsatira. Pano dengu labwerera pamutu. Sanayambe kufika midzi yakutali kwambiri, ndipo m'mawa wina amadandaulabe, koma akuyenda, ndipo makasitomala awo ambiri abwerera. Ena ndikukayika kuti amabwerera usipa. Amabwerera nkhaniyi, imene amayi amaifotokoza pakhomo lililonse, ndi manja omwe.

Ine ndaphunzira kuti pali mawu amene kusukulu sanatiphunzitse kuwanena mokweza, akuti sindikudziwa. Ndikuwayeserera. Dzulo aneba athu anabwera ndi pepala la kuchipatala la amuna awo, ndipo ndinawanena bwinobwino, mosachita chibwibwi. Anathokoza n'kupinda pepala lawo. Anali atafika kale pampanda pamene ndinamva pakamwa panga pakuwaitana kuti, koma tabweretsani ndingoona pang'ono.