Chifuwa Chobwereka

Lolemba

Mapilitsi a BP a akazi anga, amake Joyce, atha. Mutu ukuwagunda. Chaka chatha matenda omwewa anawagwetsa pampopi, mwendo mpaka lero amachita kukoka. Ndawauza kuti agone, mankhwala ndibwera nawo ine. Pakamwa pangapa panandipezera mkazi, panandipezera mpando pamaliro onse a m'Kanyama muno. Pangalephere timapilitsi?

Lachiwiri

Kukiliniki. Mpanda umodzi, nyumba ziwiri. Yathu ya matenda wamba: benchi lothyoka, nesi mmodzi, anthu ngati pokwerera minibasi, makina oyezera BP opanda mabatire. Inayo ya TB ndi kachilombo, imene anamanga othandiza akunja: penti, mipando, mafani!

Ndafola mpaka dzuwa kupendeka. Pawindo akuti mankhwala anatha: "Yanasila, ba mudala. Mukagule ku kemisiti." Ndikagule ndi chiyani, nthano?

Ba Sista aja ankatisungira mapilitsi ndawaona kutsidyako. Anasamuka, akuti kumeneko malipiro ndi abwino. Sindikuwada. Mawa nanenso ndikusamuka.

Lachitatu

Nzeru yake ndi kutsokomola. Ndayeserera njira yonse, mmene ankachitira malume anga obwera ku migodi: kawiri kouma, kachitatu kochokera m'mimba, kenako kugwira khoma.

Andilandira ngati nduna! Mpando, sikelo, kansalu kophimba pakamwa, kabotolo kolavuliramo. Thukuta pogona? Eya. Kuwonda? Apo sindiname. Mukhala kuti, ndi ndani? Ndalongosola zonse, mpaka chimbudzi chathu chopendekeka chija.

Kwa ba Sista ndanong'ona chimene ndabwerera. Atsegula kabati kuti ndidzionere ndekha: yodzaza mpaka pamwamba, zonse za chifuwa. "Ndalama za kuno zinabwela na dzina la matenda, ba mudala. BP ilibe mwini."

Lachinayi

Galimoto yoyera yaima kumsewu. Amayi awiri a mayunifolomu aponda matope onsewa mpaka pakhomo pathu, kudzafufuza amene ndawapatsira chifuwa. Zaka zonsezi a chipatala sanapondepo pano!

Amake Joyce ali pamphasa, diso lofiira. Awafunsa ngati akutsokomola. Ayi, mutu. Mayi uja ayang'ana pepala lake kutsogolo, kumbuyo. Pa mutu palibe polemba. Wachonga kuti ali bwino. Mnzakeyo, potuluka, wandiuza chapansipansi kuti ndisachedwe nawo. Ndipite nawo kuti, sananene.

Lachisanu

Galimoto ija aliyense anaiona. Pampopi andipatsa malo popanda kufola, onse ataima uko. Makapu abisa.

Ba Mwale oyandikana nawo nawonso ndi a BP, ndipo zikatithina amatibenthulirako mapilitsi awo. Lero chitseko chokhoma. Ndafuula pawindo kuti chifuwacho chinali chonama, chobwereka. Akuti odwala TB onse amatero. Ndalumbira, ndatchula Mulungu, ndatchula malemu amayi. Akoka katani.

Loweruka

Foni yochokera kukiliniki, mawu okoma ngati a pawailesi: ndilibe TB, akukondwera nane. Ndathokoza.

Amake Joyce agwetsa kapu kawiri. Akamayankhula mawu akutuluka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndawiritsa adyo ndi masamba a mapeyala, monga amanenera amayi a mumpingo. Amwa, theka latsikira m'khosi mwa diresi.

Lamulungu

Kutchalitchi lero ayimbe okha. Dzanja lamanja la amake Joyce silikugwira. Ndabwereka wilibala kwa ogulitsa makala, ndayalamo bulangete, ndawakankha mumvula mpaka kumsewu, madzi m'mawondo. Kondakitala wa minibasi wandithandiza kuwakweza.

Tili pa benchi kuchipatala chachikulu. Patsogolo pathu anthu ambirimbiri. Dokotala akuti alipo mmodzi. Tidikira, nanga n'kutani.

Malaya anyowa, ndayamba kutsokomola, chifuwa chenicheni tsopano. Amake Joyce andiyang'ana. Akuseka, ndi mbali ya pakamwa imene ikugwirabe ntchito.