Mbava Zitatu ndi Giya Yaing'ono

Boaz ankadzitcha Enjiniya. Umakanika wake wonse anauphunzira m'masabata awiri ogwirizira tochi pa galaja ina ku Kapata, kufikira tsiku limene anathira madzi a batire m'malo mwa mafuta a mabuleki, mwini galaja n'kumuthamangitsa ndi sipanala. Koma ovolosi anathawa nayo, ndipo ku Chipata munthu wovala ovolosi yothimbirira oyilo akamakamba za magalimoto, anthu amatchera khutu.

Loweruka lina masana, mvula itangokata, Enjiniya anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kabala kena, akukhutchumula paketi ya chibuku. Anali ndi anzake awiri. Woyamba anali Jonah, wamtali ngati nsungwi, amene ankamutcha Netiweki chifukwa nkhani za m'makomo mwa anthu ankazigwira zonse. Wachiwiri anali Bwezani, wamfupi, wakamimba kotsogola, amene ankamutcha Jeke poti ntchito yake inali kunyamula zolemera anzake akuganiza.

"Amuna anzanga, za nkhuku tatopa nazo," anatero Enjiniya. "Nkhuku imalira, imanyera m'thumba, phindu lake nthenga. Mawa tikuba motoka."

"Ya ndani, mudala?" anafunsa Jeke.

"Ya Mayi Yosefina."

Jeke anatsamwa ndi chibuku. Galimoto imeneyo panalibe wosaidziwa. Mayi Yosefina anali namwino wopuma pantchito, ndipo atatopa ndi kutitimira m'matope popita kumunda kwawo ku Chiparamba, anaikweza galimotoyo ndi masipuling'i aatali, n'kuiveka matayala a zibowo ngati a thalakitala. Kutsogolo inali ndi chingwe chachitsulo chodzikokera ikatitimira. M'dzinja, mayi wapakati akavutika kumidzi ya kumeneko, inali galimoto yokhayo yofika pakhomo. Mwini wake ankaisamala yekha. Loweruka lililonse ankalowa kunsi kwake ndi chitini cha girisi, chitenje atachimanga ngati kabudula.

"Kiyi amakoleka pamsomali m'shedi," anatero Netiweki. "Ndipo Sande amapita kutchalitchi wapansi, ati motoka nayonso ipumule."

"Mwamva?" Enjiniya anamenya tebulo. "Motoka ija sisowa msewu. Tidutsa m'tchire cha ku Tamanda uko, pomwe Amen azimveka ife tili kutsidya kwa malire. Ine injini ndimayankhula nayo, boyi. Ikangondiona, imadziliza yokha."

Anagundanitsa mapaketi, mowa n'kutayikira pa nsapato za Jeke.

M'mawa mwake belu la tchalitchi litangolira, amuna atatu analowa pageti la Mayi Yosefina akuyenda ngati aitanidwa. Kiyi anampezadi pamsomali. Vuto loyamba linali kukwera. Netiweki anangotambasula mwendo n'kulowa. Enjiniya anadzikoka ndi chiwongolero. Koma Jeke, chitseko chinkamuyambira pachifuwa. Analumpha kawiri n'kubwerera pansi. Kachitatu Netiweki anamugwira lamba n'kukoka, ndipo thalauzi inalira kuti kwee! kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo.

"Osadandaula," anatero Enjiniya. "Mawa ugula suti."

Anapotokola kiyi, injini n'kubangula. Enjiniya anayang'ana anzake monyada, analowetsa giya yoyamba, n'kuponda mafuta mpaka pansi.

Chigalimoto chinatuluka pageti ngati nkhono.

Chimene Enjiniya sankadziwa n'chakuti dzulo lake, pokweza galimotoyo pamiyala kuti aipake girisi, Mayi Yosefina anakankha kandodo kachiwiri ka pambali pa giya, kamene kamapatsa galimoto mphamvu za njovu koma liwiro la bilimankhwe, ndipo anakasiya pomwepo. Enjiniya analowetsa giya yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu. Phokoso linakwera ngati chigayo, utsi kuti tolo, koma mitengo ya m'mbali mwa msewu inkadutsa mwaulemu, umodzi umodzi.

"Mudala, tayamba kuthawa kapena tikali kukonzekera?" anafunsa Jeke.

"Ikutenthetsa thupi. Dizilo ndi mmene amachitira."

"Nanga kandodo aka?" Netiweki analoza.

"Usakakhudze! Ndi kokwezera motoka. Ukakakoka tigunda mawaya a magetsi."

Wanjinga wina atasenza matumba atatu a makala anawaimbira belu, ngiri ngiri, n'kuwapitirira. Kenako anadutsa wina atakweza mayi wobereka mwana, mwanayo akuwabayibitsa. Pakona, gogo wina wa dengu la tomato anaimika dzanja kupempha lifiti, koma atayenda nawo pambali kamphindi anapukusa mutu.

"Pitani, ana anga, ine ndafulumira."

Enjiniya thukuta linali kamukamu. Anayamba kudina mabatani onse amene anawaona. Magetsi anayi a padenga anayaka dzuwa likuswa mtengo, mawaipa anayamba kuvina, wailesi n'kuphulika ndi nyimbo ya kwaya. Ndipo msewu wotulukira m'deralo unali umodzi wokha: wodutsa pakhomo pa tchalitchi.

M'katimo amayi a Chigwirizano anali pakati pa nyimbo. Mayi Yosefina anasiya vesi pakamwa, n'kupendeketsa mutu.

"Amake Juliet," ananong'oneza mnzawo, "imene ikulira apoyo ndi galimoto yanga. Ndipo amene akuiyendetsa ndi chitsiru."

Anatuluka, buku la nyimbo lili m'khwapa. Amayi ena khumi ndi awiri anawatsatira, mabulauzi oyera mbee. Sanathamange. Panalibe chifukwa. Anangoyenda ndawala pambuyo pa galimotoyo, ndipo popeza nyimbo inali isanathe, anaipitiriza.

Netiweki anasuzumira pagalasi n'kugwira pamutu. "Enjiniya, kwaya ikutipitikitsa!"

"Ili patali bwanji?"

"Ndikumva ndi alito yomwe!"

Apa m'pamene Enjiniya anaganiza zoonetsa ukatswiri. Kumanzere kunali dambo lodzaza madzi a mvula, kutsidya kwake munda wa nzimbe. "Gwirani zolimba! Motoka iyi imayenda paliponse. Tione ngati azimayiwo adutse apa ndi nsapato za Sande!"

Anakhotetsa. Chigalimoto chinatsika mumsewu mwaufumu, n'kulowa m'dambo mamita khumi. Kenako mawilo akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, akulavula matope kumwamba, akutsogolo ali phee ngati si nawo. Enjiniya anaponda mafuta, galimoto n'kukhala pansi bwinobwino ngati nkhuku yofungatira mazira.

"Aliyense ndi miyendo yake!" anakuwa Netiweki. Anatsegula chitseko n'kulumpha, matope n'kumulandira mpaka m'chiuno. Enjiniya analumphira mbali inayo, phwa! mpaka m'mimba. Jeke anayang'ana pansi, anaona kutalika kwake, anatseka maso n'kudzigwetsa. Atatsegula maso, chimene chinkaoneka cha iye chinali mutu ndi manja basi.

Kwaya inafika m'mphepete mwa dambo n'kumaliza vesi lomaliza bwinobwino, ndi Amen wake. Anthu anali atadzaza kale msewu, a njinga, a tomato, ndi madikoni omwe.

Mayi Yosefina anavula nsapato, n'kupatsira Amake Juliet pamodzi ndi buku. Anaponda pa zitsinde za udzu, poti dambolo ankalidziwa, mpaka anafika pa wilo lakutsogolo. Enjiniya anali chapafupi pomwepo, akuvutika kuzula mwendo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero. "Ife timangoiyesa. Tinamva kaphokoso kena mu injini."

"Kaphokosoko ndiwe," anatero mayiwo. "Taona kuno, uphunzire. Aka kali pakati pa wilo ukapanda kukapotokola, mawilo akutsogolo sakoka. Amangoperekeza."

Anakapotokola kuti kha, anazungulira mbali inayo, kha. Anakwera ngati mtsikana, analowetsa giya yobwerera, ndipo chigalimoto chinadzizula m'matope mopanda n'kudandaula komwe, n'kukaima pouma. Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu.

Zotsala zinali mbava. Mayi Yosefina anamasula chingwe chakutsogolo chija, anamangirira lamba wansalu kunsonga kwake, n'kumawaponyera mmodzi mmodzi kuti adzikoloweke m'khwapa. Akadina batani, munthu ankatuluka pang'onopang'ono ngati chinangwa chozulidwa. Dambo linabweza anthu ake koma linakana kubweza zovala. Nsapato zonse zisanu ndi imodzi zinatsala. Netiweki anatuluka wopanda thalauzi, Jeke za thalauzi n'zosakamba, ndipo ovolosi ya Enjiniya inavuka yonse ngati khungu la njoka.

"Pali ana pano!" anakuwa Amake Juliet. Amayi atatu anamasula zitenje zapamwamba, ndipo mbava zinafundikidwa bwinobwino, Jeke n'kumumangira mfundo paphewa.

Anawakweza kumpando wakumbuyo, madikoni awiri uku ndi uku. Atafika pa tala, Mayi Yosefina anabweza kandodo kaja ndi zala ziwiri, ndipo galimoto inauluka. Mitengo inasanduka mzere umodzi. Enjiniya anangoti kukamwa yasa.

"Amayi, chepetsani, mutipha!" analira Jeke, atakumbatira dikoni.

"Mwayenda pang'onopang'ono mokwanira lero," anayankha mayiwo.

Kupolisi, Netiweki ndi Enjiniya anatsika okha, zitenje atazigwirira pachifuwa. Jeke anaima pakhomo la galimoto, akuyang'ana pansi patali paja. Wapolisi wina anayesa kumukalipira, koma kuseka kunamukanika kubisa, mpaka anangotambasula manja. Jeke anadziponya, wapolisiyo n'kumuwakha ngati mkwatibwi.

"Zikomo kwambiri, bwana," anatero Jeke ndi mtima wonse, misozi ili m'maso. "Mwandigwira bwino. Chonde musandisiye."