Tsiku Limene Ndinaulula za Delphi

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzauza munthu. Koma poti Amalawi a ku Mamelodi akuidziwa kale, ndipo ena akuikamba mokhotetsa, bola muimve kwa ine mwini manyazi.

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Hammanskraal. Kuno ku Joni ndinabwera ndi pepala la masamu, ndipo masamuwo ndinkaphunzitsa bwinobwino mpaka pamene mphunzitsi wa IT anapeza ntchito pa kampani ina n'kuchoka pakati pa teremu. A Principal anasuzumira mu staffroom n'kundipeza ndikukonza pulagi ya ketulo. Basi, nkhani inathera pomwepo. Lolemba lotsatira ndinali mphunzitsi wa IT.

Kwa amene simukudziwa, ana a IT amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo chimene timalembera mapulogalamuwo dzina lake ndi Delphi. Si munthu ayi. Ndi pulogalamu ya mu kompyuta. Ndikunena izi poyambirira penipeni chifukwa tsiku limene ndinkayenera kuzinena, sindinanene.

Zaka zitatu ndinakhala ndikuphunzira Lamlungu zimene ndikaphunzitse Lolemba. Ana ena ankandiposa, ndipo ankadziwa kuti akundiposa. Chaka chachitatucho ndinali ndi Grade 12 yanga yoyamba, maprojekiti awo akudikira kuti ndiwachonge, ine mutu uli zwee.

Aphunzitsi a IT m'dera lathu tili ndi gulupu pa foni, mmene mumabwera nkhani za silabasi, mapepala akale a mayeso ndi madandaulo osatha. Tsiku lina munalowa uthenga woti kukhala support session Loweruka, 9 koloko m'mawa, pa holo ya tchalitchi china ku Silverton. Anati aliyense abwere ndi mavuto ake onse, palibe woseka mnzake. Ndinauza akazi anga, mai a Tadala, kuti mwina chipulumutso changa chafika. Iwo anangoti ndipite, mwina n'kuyamba kudya nawo pa tebulo popanda laputopu.

Loweruka tekisi inachedwa kudzaza, moti ndinafika pa holopo hafu pasiti naini, thukuta lili chuu. Pa chitseko choyamba panali pepala lolembedwa kuti SUPPORT GROUP, ALL WELCOME. Sindinafunse munthu. Ndinakankha chitseko n'kulowa.

Chinthu choyamba kundidabwitsa n'choti munalibe kompyuta ngakhale imodzi. Mipando inali yozungulira, pakati pali katebulo, pa katebulopo bokosi la tishu. Anthu anakhala awiriawiri, bambo ndi mayi, bambo ndi mayi, ena atagwirana manja, ena atapatsana msana. Ndinaganiza kuti mwina sukulu iliyonse yatumiza aphunzitsi awiri, ndipo ine ndekha ndiye wa sukulu yosauka. Za tishu ndinamvetsa. Inenso Delphi inandilizapo.

Chachiwiri, ndinaona Mai Gondwe, anzathu a kutchalitchi, atakhala ndi amuna awo. Mai Gondwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Irene, amuna awo amawotcherera zitsulo ku Silverton komweko. Ndinadzifunsa kuti ayamba liti kuphunzitsa IT anthu awa. Koma Joni ndi Joni, munthu amalowa sukulu ya madzulo n'kusintha moyo osakuuza. Ndinawakwezera dzanja mowanyadira. Iwo anayang'ana pansi ngati awona njoka.

Wotsogolera anali mkulu wina wa imvi, wa mawu ofewa, amene onse ankamutchula kuti Ntate Maleka, Ntate kutanthauza bambo m'chilankhulo cha kuno. Anandilozera mpando n'kundifunsa ngati ndabwera ndekha. Ndinati eya, kwathu vutoli ndimalisenza ndekha. Anthu angapo anagwedeza mitu mwachisoni. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati apa ndiye pa abale.

Woyamba kulankhula anali bambo wina wa jekete lachikopa. Anati kwawo connection inatha kalekale, iye amayesetsa koma sayankhidwa chilichonse. Ndinamumvera chisoni, chifukwa netiweki ya ku sukulu kwathu ndi chimodzimodzi. Ntate atafunsa ngati pali wina wa mawu othandiza, ndinakweza dzanja.

"Mwayesapo kuzimitsa zonse, kudikira pang'ono, kenaka n'kuyatsanso?" ndinafunsa.

Ntate anatsinzina kwa kanthawi, n'kunena kuti m'bale wa ku Malawi walankhula zozama. Mayi amene anakhala pambali pa bambo wa jeketeyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Sindinamvetse chimene ndamulakwira.

Kenaka mayi wina anadandaula kuti mnzake waika password pa chilichonse, ndipo amaisintha sabata iliyonse. Ndinaona kuti apa mpofunika kuwongola. Ndinati imeneyo ndiye nzeru, inenso ndimatero, ndipo password si chinthu chouza munthu, ngakhale amene umagona naye chipinda chimodzi. Amayi onse anang'ung'udza. Abambo awiri anandiyang'ana mothokoza, koma mobisa. Ndinadabwa kuti aphunzitsi a IT angatsutse bwanji mfundo imene ili mu buku la Grade 10.

Ndiye inafika nthawi yanga. Pano ndiulule chinthu china. Chingerezi changa n'chabwino, koma mtima ukatentha, he, she ndi it zimandisakanikira, poti kwathu zonsezi ndi mawu amodzi. Tsiku limenelo mtima unatentha, ndipo lilime langa linasankha she.

Ndinati vuto langa ndi Delphi. Ndinati takhala limodzi zaka zitatu koma mpaka lero sitimvana. Ndikalakwitsa kanthu kakang'ono ngati kadontho, zonse zimaima, ndipo sandiuza bwinobwino pamene ndalakwitsa, amangondisiya ndifufuze ndekha. Amayi ena anaseka mwapansipansi. Bambo wa jekete anati, "Eish, my brother," n'kundisunthira bokosi la tishu.

Ntate anafunsa kuti tinakumana bwanji. Ndinafotokoza zoona zokhazokha. Ndinati sindinachite kusankha, anandipatsa ndi a Principal. Poyamba anali ndi mphunzitsi mnzanga, koma mnzangayo atapeza ntchito yabwino anangochoka n'kumusiya, ndiye a Principal anati poti ndili ndi luso la manja, ndimutenge ine.

Ntate anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anandifunsa mosamala ngati ku Malawi zimenezi n'zololedwa. Ndinati kwathu sindinazionepo, zimenezi ndazipeza konkuno.

Mayi wa password uja anafunsa ngati pali ana.

"Alipo 42," ndinayankha.

"Onsewo ndi Delphi?"

"Onse. Ndipo chaka chamawa akuti awonjezereka."

Wina anati Modimo, wina anati Nkosi yami, aliyense kuitana Mulungu m'chilankhulo chake. Ine ndinamva kukoma kuti pomaliza anthu akumvetsa kukula kwa katundu wanga. Ndinawonjezera kuti ana enawo amamudziwa Delphi kuposa ine, ndipo amandiseka ndikamavutika naye.

Apa Mai Gondwe analephera kupirira. Anasiya Chingerezi n'kundifunsa mu Chichewa.

"Aphunzitsi, kodi mai a Tadala akudziwa zimenezi?"

"Akudziwa bwino," ndinatero. "Amadandaula ndikabwera naye kunyumba, makamaka Lamlungu, koma nditani? Kusukulu nthawi siikwana."

Mai Gondwe anaimirira, anatenga foni yawo n'kutuluka. Ndinaganiza kuti apita ku toileti.

Ntate anamasulira gulu lonse kuti ndili ndi mkazi winanso kunyumba, chifukwa a Gondwe aamuna anali atamunong'oneza. Ndinadabwa ndi mawu oti winanso, koma ndinati mwina ndi Chingerezi cha Apedi, mtundu wa Ntateyo. Kenaka anandifunsa ngati ndinaganizapo zomusiya Delphi. Ndinati tsiku lililonse, koma ndikamusiya ntchito ithanso, ndiye banja langa lidya chiyani? Ndinanenanso kuti ndamva zoti kuli ena osavuta, achinyamata ambiri akuthamangira kumeneko, koma ine msinkhu uno kuyambanso ndi watsopano, mphamvu zake ndilibe.

Ntate anapuma mozama. Anati nkhani ngati iyi siingakonzeke mbali imodzi, pafunika Delphi naye adzakhalepo adzalankhule yekha. Anafunsa ngati ndingabwere naye sabata yamawa.

Ndinasangalala kwambiri. Ndinati palibe chifukwa chodikira sabata yamawa, ndabwera naye.

"Ali panja?" anafunsa Ntate.

"Ayi, ali m'chikwamamu."

Sindinaonepo anthu akuluakulu akusuntha mipando mwachangu chonchija. Mayi wa password anafika pa chitseko ndisanatsegule n'komwe zipi. Bambo wa jekete anaima kumbuyo kwa mkazi amene samuyankha uja. Ine ndinatulutsa laputopu, ndinaiika pa katebulo pambali pa tishu, n'kuiyatsa. Laputopu yanga ndi yakale, imatenga nthawi kuti idzuke. Tinadikira tonse, iwo ali chiimire kukhoma, ine ndikuwapepesa kuti m'mawa amachedwa chonchi.

Itayaka ndinatsegula projekiti ya mwana wina imene inandizunguza sabata yonse. Ndinaloza mzere wofiira n'kunena kuti ndi ameneyu, amene akudziwa andithandize.

Palibe anayandikira. Ntate anavalanso magalasi, anawerama, anayang'ana sikirini nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa mofatsa kwambiri ngati ndikudziwa msonkhano umene ndalowa. Ndinati wa aphunzitsi a IT. Anati aphunzitsi ali kuseri, chipinda choyandikana ndi khitchini. Uno ndi wa mabanja amene akugwedezeka.

Ndinayang'ana tishu. Ndinayang'ana anthu ogwirana manja aja. Ndinakumbukira zimene ndinanena za password. Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, mpaka mkazi wa bambo wa jekete anatsamira pa phewa la mwamuna wake, misozi ili mbwee. Ntate anati miyezi itatu wakhala akuyesa kuti awiriwo akhudzane, ine ndakwanitsa ndi laputopu.

Ndikulongedza katundu wanga, Mai Gondwe analowa, nkhope ili ngati ya munthu amene wagwira ntchito ya Mulungu. Amuna awo anawanong'oneza. Ndinaona nkhope ija ikusungunuka pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, pepani," anatero. "Ndawaimbira kale mai a Tadala. Ndawauza zonse, ndi za ana 42 zomwe."

Anayesa kuimbanso pomwepo koma foni sinayankhidwe. Ndinaimba ine, inali yozimitsa. Ndikutuluka, Mai Gondwe ananditsatira n'kundipempha kuti ndisakauze anthu a kutchalitchi kuti ndawapeza muno. Ndinati asadandaule, lero si iwo amene akambidwe.

Kuchipinda cha aphunzitsi ndinangofikira kupeza akuzimitsa projekita. Mayi amene ankatsogolera anandiikira manotsi pa flash, n'kundifunsa ngati ndili ndi vuto lililonse loti tikambirane mwachangu. Ndinati ndinali nalo limodzi pobwera, pano ndili nawo awiri.

Ulendo wobwerera kunyumba ku Mamelodi sunayambe wafupikapo chonchija. Ndinafika dzuwa likadali pamutu. Pakhomo panali sutikesi yanga, pamwamba pake nsapato zanga za kutchalitchi. Mai a Tadala anali pa sofa, atavala bwinobwino ngati akupita ku msonkhano, manja atapinda. Tadala anali atamutumiza kwa aneba.

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anangondiuza kuti aimbira kale ankhoswe ku Dedza, ndipo akufuna kudziwa zinthu ziwiri zokha: mkaziyo amakhala kuti, ndipo Lamlungu ndimamulowetsa bwanji m'nyumba muno iwo osamuona.

Ndinagwada. Ndinatulutsa laputopu kachiwiri tsiku limenelo. Tinadikira kuti idzuke. Ndinafotokoza za chitseko cholakwika, za Ntate, za she ndi it. Ndinawaonetsa dzina lija pa sikirini, D-e-l-p-h-i, ndi mayina a ana onse 42 a m'kalasi mwanga, aliyense ndi surname yakeyake.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa kuti pa msonkhanopo ndinalankhula nthawi yotalika bwanji. Ndinati mwina mphindi makumi awiri. Anafunsa ngati ndinalira. Ndinati pang'ono pokha.

"Bambo a Tadala," anatero, "zaka khumi ndi ziwiri tili pa banja, simunakhalepo pansi mphindi makumi awiri kukamba za ine, olo kundidandaula kumene. Akanakhala mkazi bwenzi ndapita kukamuona, tikanamvana ngati azimayi. Koma ndikulimbirana mwamuna ndi chinthu chochajidwa? Lowetsani sutikesiyo, koma musaimasule kaye. Loweruka tikupita tonse kwa a Ntate anuwo, ndipo ulendo uno sikudzakhala kusochera ayi."

Musanatsegule mtima wanu pagulu, yambani mwafunsa kuti anthuwo asonkhanira chiyani.